Anadula Loko Wanga

Moni Abusa, moni akulu a mpingo, amayi, atate, abale na alongo nonse. Nifuna kuchitira umboni. Koma munikhululukire, lero sinizamwetulira kwambiri, chifukwa mtima ukali kuwira.

Ndine Tisa, mwana wa amayi awo akhala kutsogolo na chitenje cha buluu. Ninamaliza digiri ya zamagetsi, n'kukhala pakhomo ku Chalimbana zaka ziwiri, nchito kulibe. Ena a inu munali kunifunsa panja apo, “Ba injiniya, malaiti yabwera liti?” n'kumaseka. Ninamva, abale, ninamva. Ndiye Mulungu ananitsegulira khomo ku kampani yoika masola. A kampani ananiuza kuti miyezi itatu yoyamba ni yoniyesa, ndipo wonilembera lipoti ni ba Tembo, munthu wamkulu, msinkhu wa atate anga. Akakamba kuti siniyenera, nibwerera kukalima chimanga.

Pa nchito yathu pali lamulo limodzi. Ukafuna kugwira mawaya, uzimitsa swichi yaikulu, uikapo loko wako, kiyi m'thumba mwako. Palibe wina wochotsa loko uja, ngakhale bwana. Loko uja akamba kuti muli munthu m'mawaya.

Tsiku lina tinali kuika sola pa nyumba ina ku Silverest. Ninazimitsa swichi panja, n'kuika loko wanga, n'kulowa m'nyumba kutsegula bokosi la mawaya. Waya unanichepera, napita ku galimoto kukatenga wina. Mudziwa mmene malaiti yavutira masiku ano, tsiku lija yanali yatazima kuyambira m'mawa. Nthawi yomweyo malaiti yanabwera, mwini nyumba ali na nkhuku zogulitsa mufiriji, wayamba kudandaula kuti zizaola. Ba Tembo anatenga sowo n'kudula loko wanga. Anadula, abale. Anayatsa swichi, osaniuza.

Ine nabwerera, nagwada pa bokosi paja, natambasula dzanja ili. Dzanja ili, muliona? Patsala chala chimodzi kuti nigwire waya, namva firiji ilira kukhichini. Mu mtima nati, firiji ilira bwanji malaiti ninazimitsa? Natenga tesita, naika pa waya, yayaka kufiira. Amene ananitsegula makutu tsiku lija si digiri iyayi. Ni Yesu.

Ninatuluka, napeza loko wanga ali pansi m'fumbi. Nati, “Ba Tembo, wadula loko ndani?”

Ati, “Ndine, mwana wanga. Nenze nizakuuza. Ine malaiti nayagwira iwe ukali kuyamwa.”

Nenze nizakuuza. Azaniuza liti, nili m'bokosi la maliro? Abusa, ine munthu uja ninali kumugwadira popatsa moni, ninali kumunyamulira makwerero osadandaula. Koma tsiku lija ninakalipa mpaka anthu a pa mapuloti ena anatuluka kuzaona. Nati, “Nkhuku za mufiriji zaposa moyo wanga? Mwana wanu mungamuchite izi?” Iwo anangoti, “Ulibe ulemu. Tizaonana pa lipoti.”

Nafika kunyumba, nafotokoza zonse. Amayi analira, kenaka anati, “Tisa, nchito iyi tinaisalira kudya. Uja ni munthu wamkulu, wamunyoza pagulu. Tenga thadzi lija, ukagwade, ukapepese.” Anagwiradi nkhuku, n'kuimanga miyendo. Amayi, musaweramitse mutu, nidziwa munali na mantha. Koma ine zinaniwawa kuposa loko uja. Afuna kunipha ni iwo, nkhuku nipereke ndine? Ninakana. Nati nchito ithe, koma siningagwadire munthu chifukwa chakuti sininafe.

Lolemba ninakwera basi kupita ku ofesi, loko wodulidwa uja ali m'chikwama. Njira yonse ninali kupemphera, “Ambuye, gwirani lilime langa, chifukwa nikalisiya lizaniwonongera.” Napeza ba Tembo afika kale, auza bwana wamkulu kuti mtsikana uyu ni wamwano, adziona ngati adziwa zonse chifukwa cha mapepala. Bwana anati, “Tisa, uli na chokamba?” Ninangotulutsa loko n'kumuika patebulo.

Bwana anamutembenuza loko uja, n'kufunsa, “Ba Tembo, mkati munali munthu?” Ba Tembo anayang'ana pansi. Tsiku lomwelo bwana anawachotsa pa gulu lathu. Lachisanu lapitali nalandira kalata yakuti nchito ni yanga, na loko watsopano wolembedwa dzina langa.

Sinizanama pa guwa, ba Tembo nikalibe kuwakhululukira. Munipempherere pa icho. Ndipo inu akuluakulu, mwana akakuwa kuti mwaniika pa imfa, musayambe kufunsa ngati wagwada.

Nkhuku ija ikali moyo, ili m'dengu panja apo. Siinapite kwa ba Tembo. Naibweretsa kwa Uyo amene ananibweza dzanja. Zikomo Yesu, zikomo Abusa. Amayi, imirirani. Lero mukanakhala pamphasa ya maliro, koma mwana wanu ni uyu, aima. Yambitsani nthungululu, mpingo wonse ukondwere na ise.