Ndinkaima Kuseri kwa Golo la Mwana Wanga

Aulutsi, ndiwerengereni nkhani yangayi, koma dzina musatchule. Ndine mlonda, ndimakhala ku Manja.

Mwana wanga ndinamusiya ali ndi zaka zitatu, nditayambana ndi mayi ake. Pano ndi goloboyi wa koleji ina ya ku Zomba. Chaka chilichonse akabwera kudzasewera ndi adani awo a kuno ku Blantyre, ndinkaima kuseri kwa golo lake. Mpira ukatuluka, ndinkauthamangira n'kumuponyera. Iye ankangoti, "Zikomo, madala." Sadziwa kuti ndine ndani.

Chaka chino ndi chake chomaliza, ndiye ndinati ndimuuza basi. Jekete ndinasitiratu. Lachinayi ndinangomva kuti masewero awasamutsira ku Lilongwe, komwe kulibe mwini bwalo, ati kuno masapota amagendana. Ndinapempha tchuthi kuti ndipite konko, abwana anangondiseka: "Za mpira, pa msinkhu wanuwu?"

Loweruka masana, tsiku la masewerolo, ndisanalowe ntchito, ndinapitabe kubwalo kuja. Kunalibe munthu, ngakhale ukonde pagolo anali atachotsa. Ndinaima pamalo panga paja mpaka nthawi ya ntchito inakwana.

Azibambo anzanga, ine mpata ndinaupeza katatu, mwana ali pafupi poti n'kumugwira phewa. Katatu konseko ndinangomupatsa mpira.