Kapinga wa ku Eriya 47

Pa siteji ya basi ku Old Town, likulu litangosamuka kuchoka ku Zomba, kalaliki wina anayamba kucheza ndi bambo wachikulire wonyamula khasu.

"Mwaziona nyumba zikumera ku City Centre, bambo? Akuti akunja akabwera amawerenga misewu ndi anthu, n'kunena kuti dziko latukuka."

"Amawerenga anthu ati, achimwene?"

"Tonsefe a m'tauni muno. Tachulukatu."

"Ife mudzi wathu unali pomwe pali Eriya 47. Anatisamutsa pa lole. Akazi anga, a Zelifa, anatsala."

"Anakana kusamuka?"

"Ayi, tinali titawaika kale m'manda. Ndiye ndinabwerera, n'kupempha ntchito yosamalira maluwa panyumba yomwe anamanga pamenepo."

"Mandawo alipobe?"

"Pali kapinga. Abwana amandiyamikira kuti mbali imeneyo ndimathirira bwino."