Shuga wa Ba Sajeni pa Mwendo Wanga

Moni abale ndi alongo mwa Ambuye. Sindidziwa kukometsa mawu, ndingonena momwe zinalili. Mgodi utagulitsidwa, bambo anga anachotsedwa ntchito, khadi lathu la ku chipatala cha mgodi linafa, ndipo ine ndinalekera sukulu mu giledi 11. Nyumba tinagulitsa, ndalama zake zinathera mu ngongole, tinakapanikizana m'chipinda cha lendi ku komboni ya Chimwemwe. Chinatsala pang'ono kupita ndi mwendo wanga wakumanzere, ndiwo ndikufuna kukuuzani.

Anyamata ambiri tinkapita ku mulu wa zotsala za mgodi kukakumba tizidutswa ta kopa, ndiye mkuwa, n'kumagulitsa. Kunali koletsedwa. Tsiku lina dothi linagumuka, chitsulo chinanding'amba katumba mpaka fupa kuoneka. Anzanga anandinyamula, koma kuchipatala anakana kundipereka, poti bala lotero limadziwika kumene lachokera ndipo alonda ankatisaka. Anathira mafuta a buleki monga ankachitira okonza magalimoto, amayi anamanga ndi chitenje, tinati lipola.

Silinapole. Linatupa, linada, linayamba kununkha moti alongo anga ankadyera panja. Pamene amayi anandikokera ku chipatala cha boma, dokotala anangoyang'ana kamodzi n'kunena kuti adula pansi pa bondo, ndipo mankhwala ena tikagule tokha. Ndinathawa pa wilibala ya mnzanga. Bambo, amene kale ankalamula gulu lonse pansi pa mgodi, anangokhala pakhomo kuyang'ana nsapato zawo. Ine pemphero langa linali lamwano. Ndinati, Mulungu, ngati mukutenga mwendo, tengani ndi mutu womwe, zotsala sindikuzifuna.

Yankho linabwera litavala nsapato zachisilikali. Mayi Nyirenda, amene komboni yonse inkawatcha Ba Sajeni, anali nesi wa asilikali wopuma ntchito. Anatumikira kumalire nthawi imene kwa anansi athu kunali nkhondo, ndipo atapuma sanakhale pansi. Ankayenda khomo ndi khomo kusambitsa odwala amene abale awo ankaopa kuwagwira, popanda malipiro, monga ankachitira kuyambira ali mtsikana mu mpingo. Tsiku lina anabwera kwa mneba wathu. Podutsa pawindo lathu anaima, n'kulowa osagogoda.

"Fungo ili ndikulidziwa. Mwabisa ndani?"

Amayi anamasula chitenje, ataona mphutsi pabala analira ndi manyazi, n'kuthamangira botolo la palafini.

"Bwezani, amake Yohane. Izi zikudya zowola zokha. Zikugwira ntchito kuposa amene anathira buleki. Mwayesa mwana wanu ndi minibasi?"

Ndinawauza kuti atuluke, sindinawaitane. Anayankha kuti, "Mwaiche, mwana iwe, ndagwira amuna a mfuti akulira amayi awo. Iwe ndiwe chiyani? Luma nsalu." Anatsuka balalo ndi madzi owiritsa a mchere, anadula zowola ndi sizasi, ine ndikutukwana. Atatha anatenga bolopeni n'kujambula mzere pakhungu, chakumunsi kwa bondo, pamene kufiira kunalekezera. Anati kukadutsa mzerewo, adzandibereka okha kukandidulitsa, ndipo sadzamva zonena zanga.

Kenako anapempha shuga. Ndinaganiza kuti akufuna tiyi, ndinaseka, poti m'nyumbamo shuga tinali titamuiwala. Anati kutchire mankhwala akatha ankadzaza mabala a asilikali ndi shuga, poti shugayo amakoka mafinya, nyama n'kuyamba kumera. Jakisoni anali nawo wochepa wochokera ku bokosi la mpingo, koma shuga ankafunika wambiri, m'mawa ndi madzulo. Anakanena kwa amayi a mvano. Azimayi amene amuna awo analinso opanda ntchito anayamba kubwera ndi shuga wokulunga m'tizidutswa ta nyuzi, wina sipuni ziwiri, wina theka la kapu. Ana awo ankamwa tiyi wosazuna chifukwa cha ine, munthu amene sindinkawapatsa ndi moni yemwe.

M'mawa uliwonse ndinkayamba kuyang'ana mzere uja ndisanayang'ane china chilichonse. Tsiku lina kufiira kunaukhudza. Ba Sajeni anauyang'anitsitsa, anagwada pasimenti, anapemphera mawu ochepa ngati akupereka lipoti kwa mkulu wawo, n'kunena kuti tione mawa. Mawa lake kunali kutabwerera m'mbuyo pang'ono, ngati mulifupi mwa chikhadabo. Sanasekerere. Anangoti, "Usadzitame, shuga ndi wa eni." Nyengo ya mvula isanathe ndinaima, ndikutsimphina, koma pa miyendo iwiri.

Bambo sanandione ndikuyenda bwino, anamwalira akudikirabe kuitanidwa ku mgodi. Ba Sajeni nawo anapita chaka chatha ndi chifuwa chachikulu, chimene ndikukhulupirira anachitenga m'zipinda zopanda mawindo zimene ankalowamo. Pamaliro panalibe lipenga kapena mfuti. Panali amayi amasiye, ana amasiye, ndi ife amene tinayenera kukhala titafa. Bokosi lawo ndinanyamula nawo, mbali yakumanzere, kulemera konse kuli pa mwendo uja.

Ndikuthokoza Mulungu amene anamva pemphero lachipongwe n'kuliyankha ngati laulemu. Inu amene mwabisa bala m'nyumba, kaya ndi la thupi kaya la mtima, musadikire kuti fungo likuululeni, ndipo akabwera wokuthandizani musamuthamangitse monga ndinachitira ine. Pirirani. Koma musandifunse ngati mtima wanga unapolanso. Mwendo Ambuye anandibwezera. Sukulu yanga, nyumba yathu ndi bambo anga, amene anandilanda zimenezi sanabweze, ndipo ndikudikirabe.