Mulungu Ananditulutsa mu Utsi wa Magalimoto

Abale ndi alongo mwa Ambuye, moni nonse, a kumudzi ndi a kuno ku Joni. Ine ndine Mai Chisale, kwathu ndi ku Ntcheu, koma ndimakhala ku Freedom Park pafupi ndi Rustenburg. Ndikufuna ndikuuzeni za chifuwa chimene chinandigwira kuntchito, ndi mmene Mulungu anandichotsera pamalo amene ndinkaona kuti ndiferapo.

Ndinkagwira ntchito panyumba ina yosanja ya maofesi m'tauni, koma osati m'maofesimo. Malo anga anali pansi penipeni, koimika magalimoto, m'kanyumba kagalasi pafupi ndi chipata. Ndinkalandira matikiti ndi kukweza chitsulo kuti galimoto idutse. Dzuwa silinkafika kumeneko. Magalimoto a dizilo a kumigodi ankaima pamzere injini zikulira, utsi wonse n'kumalowera pa kawindo kanga. Mafani otulutsa mpweya anafa ine ndisanayambe ntchito, ndipo panalibe wowakonza.

Chaka chachiwiri ndinayamba kutsokomola. Ku kiliniki anandiyeza chifuwa chachikulu kawiri konse, osachipeza. Namwino atamva komwe ndimagwira ntchito anati ndichokeko msanga. Ndichoke ndipite kuti? Amuna anga anali atakhala pansi kontilakiti yawo ya kumgodi itatha, ana awiri ali pasukulu, mayi anga ku Ntcheu akuyang'ana kwa ine. Nditapempha a kapitawo kuti andisinthe malo, anandiuza kuti kunja kuli anthu ambiri ofuna mpando wangawo, ena mwa iwo eni dziko. Ndinamva chimene ankatanthauza, ndipo sindinapemphenso.

Ndinkamanga kansalu pamphuno, koma pofika masana kanali katada bii. Mutu unkandiwawa tsiku lonse, chakudya chinkanunkha dizilo m'kamwa. Azimayi oyandikana nawo, poona mmene ndinkaondera, anayamba kunong'onezana, ndipo wina analetsa ana ake kudya kwathu. Kwaya ndinasiya chifukwa mpweya unkandithera pakati pa nyimbo. Pemphero langa linafupika mpaka linangotsala lakuti, Ambuye, khomo lili kuti? Kunena zoona, masiku ena ngakhale limenelo sindinkalinena.

Kenako tinamva kuti eni nyumbayo akufuna satifiketi yosonyeza kuti nyumba yawo siwononga chilengedwe. Chimodzi mwa zofunika chinali kulimbikitsa magalimoto osatulutsa utsi wambiri. Anapatula malo pamwamba, pafupi ndi khomo lalikulu, n'kuwapenta mobiriwira, ndipo anayamba kuikapo makina otchajira magalimoto amagetsi. Pansi paja anati chipata chizidzitsegula chokha, kanyumba kanga achotsa. Nditamva ndinalira. Malo omwe ankandiphawo ndinkawaliriranso, chifukwa kunja kwake kunalibe china chilichonse.

Mwa amisiri a magetsi munali bambo ena achikulire ovala chisoti cha Chisilamu. Ankakoka mawaya kuchokera pansi paja, ndipo tsiku lina anandimva ndikung'ung'udza nyimbo ya kwathu kwinaku ndikutsokomola. Anaima n'kufunsa, "Mayi, kodi ndinu a kumudzi?"

Anali Che Saidi a ku Mangochi. Sitinkadziwana, sitipemphera kumodzi, koma anakhala pa ndowa ya penti n'kumvetsera nkhani yanga yonse. Sanandilonjeze kanthu. Anangopukusa mutu n'kubwerera ku mawaya awo.

Sabata yotsatira kunabwera mayi woyendera nyumbayo pa nkhani ya satifiketi ija. A kapitawo anamuonetsa malo obiriwira aja, n'kufuna kumulowetsa m'maofesi. Che Saidi, amene nawonso akanatha kuchotsedwa ntchito, anauza mayiyo kuti mawaya a makinawo ayambira pansi, ndi bwino akawaone. Atatsika naye, anamufikitsa pa kanyumba kanga. Mayiyo anali ndi kachipangizo koyezera mpweya. Anakaika patebulo langa, ndipo nthawi yomweyo kanayamba kulira ndi kuthwanima. Anandifunsa maola amene ndimakhala pamenepo, ine n'kumuuza. Kenako anatembenukira kwa a kapitawo.

"Magalimoto osatulutsa utsi mwawakonzera malo abwino, koma munthu mwamusiya mu utsi. Ine sindilemba kuti zonse zili bwino."

Panadutsa milungu itatu ndisakudziwa kuti zitha bwanji. A kapitawo sankandilankhula, ndipo tsiku lililonse ndinkayembekezera kalata yondichotsa. Kalatayo sinabwere. Mafani anakonzedwa, ine n'kundikweza pamwamba. Tsopano ndimayang'anira malo a magalimoto amagetsi aja. Ndimathandiza oyendetsa kulumikiza chingwe, ndipo a petulo akafuna kuimika pamenepo ndimawalozera kwina. Che Saidi anandiphunzitsa makinawo asanapite kuntchito ina ku Chaneng.

Chifuwa sichinatheretu, nyengo yozizira chimabwerabe, ndipo amuna anga akusakabe ntchito. Koma ndikupuma, abale anga. Ndikuthokoza Mulungu amene anandiyankha kudzera mwa munthu amene sindikanamuganizira n'komwe. Inu amene muli pamalo oti kuchoka simungathe, kukhalanso kukukupwetekani, musaleke kuitana, ngakhale mawu atakucheperani. Mundikumbukire m'mapemphero anu, ndipo mukamatero mutchulenso Che Saidi. Ambuye akusungeni nonse.