Khansala Goliati Akuimanso

Chisankho chitayandikira, Bizwell, mkulu wa kampeni ya khansala Goliati, anatsika pa kabaza pamsika wa Lizulu atavala malaya a nkhope ya bwana wake, n'kulunjika pomwe mlamu wake Lufina ankaunjika kachewere m'ndowa. Lufina ndiye ankatsogolera kwaya ya amayi kumudzi kwawo, ndipo Bizwell ankadziwa kuti komwe mayiyu angaloze chala n'komwe amayi onse angaponye voti, komanso kuti khansala akagwa, ukapitawo wa msewu umene iye analonjezedwa ugwera pomwepo.

"Alamu, mwaswera bwanji? Ndabwera ndi nkhani yokoma. A Goliati akuimanso."

Lufina anasiya kachewere amene anali m'manja. "Akuima? Ambuye atamandike! Okha, kapena mukuwagwirira?"

"Okha! Palibe wowakankha."

"Zikomo kwambiri. Poti tsiku lomaliza kuwaona ine anali chagada m'ngalande umo, nsapato imodzi ili ku Malawi, inayo ili ku Mozambique."

Eya, zayambika, anatero Bizwell mumtima. Anthu a mapemphero awa mwano wawo amaukulunga m'chitenje.

"Sindikunena kuima kwa miyendo. Akufuna mpando."

"Apatseni! Munthu ngati amene uja n'kumam'mana mpando? Tengani kangaka." Anakankha kampando kake ndi phazi.

"Mpando wa ukhansala, alamu!"

"Oo. Uli ndi motsamira? Chifukwa potsegulira mjigo paja anapendekera kumbuyo kwa benchi, miyendo m'mwamba, abusa asanafike n'komwe pa Ameni."

"Anatopa! Munthu wa ludzu la chitukuko amatopa."

"Za ludzuzo ndinamva. Akuti limawayamba m'mamawa, kukhosi gwaa."

Bizwell anakokera buluku m'mwamba, n'kufutukula chifuwa mpaka nkhope ya Goliati pamalayapo inatambasuka ngati chule.

"Tisazungulire ngati ng'ombe ya pa chikhomo. Mukufuna kunena za kumwa. Chabwino. Amamwa. Inde, amamwa! Ndiye?"

Nkhope ya Lufina inawala. "Amamwa? Tsiku lililonse?"

"Tsiku lililonse!"

"Osadumphitsa?"

"Ngakhale Lamulungu."

"Ndiye zili bwino. Ambiri amayamba ndi mphamvu, akangomvako bwino pang'ono, basi asiya. Alimbikire."

Bizwell anam'yang'anitsitsa kufuna kuona pomwe kuseka kwabisala. Sanakupeze. Chipongwe cha mayiyu chinali chokhwima ngati nsungwi.

"Kangati pa tsiku?" anafunsa Lufina.

"Zimatengera. M'mawa kamodzi kochotsa kunjenjemera. Masana. Madzulo ndiye sitiwerenga."

"Atadya kaye?"

"Kudya amaiwala."

"Iii, alamu! Pamimba popanda kanthu? N'chifukwa chake akugwa! Inu amene mumayenda nawo muziwaphikirako kaphala."

"Ine ndine mkulu wa kampeni, si mkazi wawo!"

"Amakatenga ku boma?"

"Ku boma kukatani? Kwa Nachisale, tsidya ilo. Za m'sitolo amati n'zamadzi."

"Oo, zachikuda. N'zamphamvu?"

"Kabotolo kamodzi kokha, munthu amaona phiri la Dedza likuvina ngoma."

"Koma asamasakanize. Zachikuda pazokha, zachizungu pazokha."

"Amasakaniza! Ndipo palibe lamulo loletsa!" Anamenya ndowa ndi chikhatho, kachewere wa pamwamba n'kugubudukira mumsewu. Anam'thamangira, n'kum'bweza pamulu, n'kupitiriza ngati palibe chachitika. "Funso n'limodzi, alamu. Kodi zimenezi zikukhudza ntchito? Munthu amatsogolera ndi mutu, osati ndi miyendo."

"Mutuwo uli bwino?"

"Ngati wa ahedi."

"Poti pamaliro a malume Benson anaimirira n'kulira a Silvester. Ati tataya munthu, dziko latsala lamasiye. A Silvesterwo ali pompo kutsogolo, akutafuna chimanga."

"Anawalemekeza akadali moyo! Ndi angati amalandira ulemu wotero?"

"Anawaponyeranso nkhata pamiyendo."

"Mtima wopatsa!"

Lufina anagwedeza mutu mwachisoni. "Zikafika poipa zimatero. Nanga za mlatho wathu uja? Chikokolokereni, ngolo yangokhala pakhomo. Achimwene anu akuwoloka mtsinje thumba la kachewere lili pamutu, madzi m'chiuno. Mvula ya chaka chatha ana sanapite kusukulu mpaka madzi ataphwa. Kumsonkhano wa makhansala anakanena?"

"Anapita."

"Ananena?"

"Analipo."

"Ananena, alamu?"

"Maso anali otseka, koma makutu ankagwira ntchito. Kumeneko timati kulingalira mozama."

"N'chifukwa chake kunkamveka mkonono?"

"Anthu ena akamaganiza amatulutsa mawu!" Thukuta linayamba kutsikira pa nkhope ziwiri zonse, yake ndi ya pamalaya. "Mverani kuno. Munthu asaweruzidwe ndi za m'botolo mwake. Thumba ndi lawo. Kukhosi ndi kwawo. Chiwindi ndi chawo."

Lufina anagwira pamtima. "Mayo ine! Zafikanso kuchiwindi?"

"Sindinati zafika!"

"Mwati chiwindi."

"Ndati chiwindi ndi chawo!"

"Nanga chikadakhala cha yani?"

Apa Bizwell anaphulika. Mawa lake lonse linali m'manja mwa mayi ameneyu, koma munthu sangasekedwe pakati pa msika, ogulitsa kabichi akuonerera, iye n'kumangomwetulira.

"Basi! Zakwana! Mukuyesa sindikuona kuti mukundiseka? Inu oyera mtima inu! Kodi ndi a Goliati okha? Pitani kwa Nachisale Loweruka mukaone mzere. Aphunzitsi ali pompo. Akuluakulu a mpingo ali pompo, chipewa chili pamphuno. Achimwene anga omwe, amuna anuwo, akagulitsa kachewere amayamba kaye apatuka!"

Lufina anaimirira, ndowa n'kugwa. "Bambo a Chimango? Bambo a Chimango akudwala? Bwanji sanandiuze?"

"Akudwala ndani?"

"Mwati amakatenga kwa Nachisale!"

"Kachasu, alamu! Kachasu! Nanga nthawi yonseyi mumayesa tikunena tiyi?"

Ngakhale mayi wogulitsa tomato pafupi naye anasiya kuthamangitsa ntchentche.

"Kachasu," anatero Lufina pang'onopang'ono, ngati akulawa liwulo koyamba.

"Eya."

"Osati mankhwala."

"Mankhwala a chiyani?"

"A BP."

"BP yake iti?"

"Imene munalengeza inu nomwe pabwalo la sukulu, tsiku limene anasanzira pa maikolofoni. Munawafunditsa jekete lanu n'kunena kuti, amayi musadabwe, bwana ali ndi BP, muziwakumbukira m'mapemphero. Chiyambire tsiku limenelo kwaya yonse timasala kudya Lachisanu lililonse. Agogo a Thokozile anakomoka nako kusalako."

Bizwell anayasama. Mabodza amene ananamira bwana wake anali ochuluka ngati nthata za galu, moti ili anali ataliiwala. Ndipo mwa onsewo, ili lokha ndi limene linagwira ntchito.

"Ndiye kuti," anatero ndi mawu aang'ono, "mukanawavotera?"

"Tonse. Tinagwirizana kalekale. Tinati wodwala satayidwa, akachira adzatikumbukira. Ndi nyimbo yomwe tinapeka, ya mavesi ake, yoti tidzaimbe pamsonkhano wanu."

"Ndiye palibe chasintha!" Bizwell anaomba m'manja. "Kumwa nakonso ndi matenda! Funsani adokotala alionse!"

"Ndi matenda, inde. Tipitiriza kuwapempherera, atakhala kunyumba kwawo."

"Koma mwangonena kumene kuti wodwala satayidwa!"

"Wa BP akamwa amadzuka, alamu. Awa akamwa amagona."

"Ndimaseka chabe! Zonse zija ndimacheza! Ndi BP! BP yeniyeni, yokwera kwambiri!"

"Ya kwa Nachisale?"

"Ya kubanja kwawo!"

"Yosakaniza?"

Bizwell anayang'ana kumsewu ngati pali kabaza woti am'pulumutse. Panalibe. Lufina anamasula chitenje n'kuchimanganso molimba m'chiuno, monga amachitira akamapita kukalima dimba kapena kukalankhula ndi bambo a Chimango.

"Esnath!" anakuwira mnzake wa m'kwaya yemwe ankagulitsa anyezi kutsidya la msewu. "Siya anyeziwo! Itana amayi onse abwere kuno!"

Bizwell anayamba kubwerera chambuyo, dzanja likubisa nkhope ya pamalaya. Lufina anam'gwira pamkono, mwaulemu koma osasiya.

"Musachoke, alamu. Mubwereze zonse monga mwanenera, kuyambira poyamba, osasiyako kanthu. A chipani china abwera pano kangapo ndi zitenje ndi mchere, palibe ananditembenuza mtima. Koma inuyo, ayi ndithu, kampeni mumaitha."