Thiransifa ya Bambo ndi Bokosi Losowa Onyamula

Zaka zija bwalo lakale la mpira ku Wembley litagwetsedwa, latsopano lisanathe, kumwamba kuli zitsulo zokhazokha, ndi pamene tinaika agogo anu, bambo anga a Lufeyo Kamwendo, m'manda a konkuno ku Ilford. Iwe Madalitso unkakwawa, ndipo iwe Tadala unali usanabadwe n'komwe. Lero Madalitso wabwera ndi fomu, ukuti watopa ndi usilikali wa pansi, ukufuna akusamutsire ku gulu la ndege, ndipo ukufuna malume ako anenepo mawu. Ine sukulu ndinalekezera Fomu Thuu, za mafomu sindizidziwa, koma thiransifa imeneyo ndikuidziwa chifukwa ndinaona kumene inathera. Tadala, ika foniyo pansi. Ndipo mukafuna kundiyankha muyankhe m'Chichewa, ngakhale chothyokathyoka chanucho.

Agogo anu analowa usilikali kwathu ali mnyamata, m'gulu la oyenda pansi, onyamula mfuti ndi chikwama, ndipo anakwera mpaka kukhala sajeni, mizere itatu pamkono. Koma mtima wawo unali pa injini. Atamva kuti nthambi ya ndege ikufuna amakaniko, analemba kalata yopempha kusamuka. Inu masiku ano mumadina pakompyuta yankho n'kubwera, koma kale kalata inkayenda m'manja mwa akuluakulu, ndipo yoyamba inasowa, yachiwiri inabwerera itang'ambidwa pakati, yachitatu ndi imene inadutsa. Itadutsa anawauza kuti kumene akupitako sadziwa kanthu, akayambire pansi. Ndimakumbukira amayi atakhala pakhonde ndi lezala, akusosola mizere iwiri pamalaya a bambo, misozi ili chuchuchu, bambo ataima pambali akuimba mluzu ngati munthu amene wapata.

Kuyambira tsiku limenelo bambo analibenso kwawo. Anzawo a pansi anawapatsa dzina loti Mapanga Awiri, kutengera mwambi uja wakuti mapanga awiri avumbwitsa, ndipo a ku ndege ankawatcha Wamatope, chifukwa anachokera kwa oguba m'thengo. Iwo sankasamala. Anagwira sipanala mpaka kupuma ntchito, zikhadabo zakuda ndi girisi, ndipo ndege imene a Kamwendo aigwira inkapita n'kubwera.

Amayi atamwalira, achemwali anga a Esnati, amayi anuwa, omwe anali kale anamwino kuno, anawaitanitsa. Ine ndinali nditafika kale, ndikutsuka mabasi kudepoti. Bambo anakhala nafe zaka zochepa, kenaka matenda anawagwira, ndipo miyezi yomalizayo anaithera m'chipatala, lero pa njinga ya odwala, mawa pa bedi la matayala, kupita kokajambulidwa, kubwerera, kupitanso. Tsiku lina masana, ndikuwasendera lalanje, anandigwira dzanja.

"Fakisoni, ndakankhidwa mokwanira. Tsiku langa likadzafika musadzandiyendetse pa timatayala ngati katundu wa m'shopu. Ndidzalowe m'tchalitchi ndili pa mapewa a asilikali anzanga."

"Anzanu ati, bambo? A pansi kapena a ndege?"

"Msilikali ndi msilikali, iwe. Senda lalanjelo."

Ndinavomera. Sanapemphe kuti tikawaike kumudzi, sanapemphe bokosi lodula, anapempha chimenecho basi, ndipo ine ndinati ndi chaching'ono.

Mudziwe kuti kuno kulibe adzukulu. Kwathu maliro akagwa, onyamula amadziwika okha, palibe amene amawatumira kalata. Kuno kampani yoona za maliro imabwera ndi anthu ake ovala zakuda, koma amayi anu anauza kampaniyo kuti isabweretse onyamula, tili nawo athu, asilikali. Ndipo analipodi. Masiku amenewo mu London muno munali akuluakulu angapo opuma usilikali wa kwathu, ena akulondera mashopu, ena akusungidwa ndi ana awo, ndipo ankakumana Lamlungu lina lililonse kukamba za kale.

Ndinayamba ndi a Sajeni Meja Thawani, mkulu wa a pansi, amene anagona tenti imodzi ndi bambo ali anyamata. Ankalondera shopu ya nsapato ku Wembley. Sitima yofiirira iyi mumakwera lero kunalibe, ndinachita kusinthasintha mpaka ndinafika, ndipo ndinawapeza ataima pakhomo, chifuwa chili patsogolo ngati ali pa perete.

"Mwana wa Kamwendo! Pepa, pepa kwambiri. Mapanga Awiri watisiya? Amene uja anali msilikali, usamve zonena anthu. Kungoti anatithawa."

Ndinawauza pempho la bambo. Anakanda chibwano.

"Mwanawe, pali pulotokolo. Msilikali amanyamulidwa ndi gulu limene anapumirako ntchito. Bambo ako chipewa chathu anabweza kusitolo ndi manja awo, ine ndikuona. Mwini maliro ndi a Kaputeni Maluwa a ku ndege. Koma usadandaule, a ndegewo alipo atatu okha, sangakwane. Akangopereka oda, ine ndi anyamata anga tilipo naini, tinyamula. Iwo ndi ofesala, andiimbire."

Anyamata amene ankanenawo, wamng'ono kwambiri anali ndi imvi mpaka m'makutu.

M'mawa mwake ndinakwera basi ya ku Thamesmead, ulendo wautali ngati ukupita kumudzi, kukaona a Kaputeni Maluwa, amene ankaulutsa ndege zimene bambo ankakonza. Anandilandira bwino, tiyi m'kapu ya sosala, chithunzi chawo chili pakhoma atatsamira phiko la ndege.

"Achimwene, bambo anu ndimawadziwa kuposa inuyo. Wamatope akanena kuti injini ili bwino, ine ndinkakwera osayang'ana kawiri. Moyo wanga unali m'manja mwawo."

"Ndiye muwanyamula, bwana?"

"Aa, pamenepo tisasokoneze. Msilikali ndi wa kumene analumbirira. Iwo analumbira kwa a pansi, kwa ife anangobwera ndi kalata. Komanso kunyamula bokosi ndi dirilo, za perete zija, ndipo dirilo ndi ntchito ya sajeni meja, si ya ofesala. A Thawani abwere adzandiuze kuti anthu awakonza, ine ndidzavomereza. Simunaonepo kaputeni akuimbira sajeni meja kumupempha."

Pamenepo ndi pamene ndinalakwa ine, ana inu, ndipo ndimavomera. Ndinaganiza kuti zatheka. Uyu wati anyamula akauzidwa, uyo wati avomera akafunsidwa, onse ali ndi foni, ndiye chatsala n'chiyani? Ndinapatsa aliyense nambala ya mnzake, ndinabwerera kukathamanga ndi mapepala a kukhansolo, ndipo ndinati akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, akambirana. Sindinadziwe kuti madambo ena ndi amene amasunga moto.

Loweruka linafika. Mwambo unali wa leveni koloko m'mawa, ndipo kumanda anatipatsa nthawi yathu, chifukwa kuno ngakhale dzenje lili ndi nthawi ngati basi, ukachedwa alowa ena. Galimoto ya maliro inaima pakhomo pa tchalitchi, mzungu wa kampaniyo, wa chipewa chachitali, anatsegula kumbuyo n'kuima pambali mwaulemu. Tinadikira. Kwaya inamaliza nyimbo, inayambanso yomweyo. Palibe amene anatuluka.

Ndinalowa. Onse analipo, ana inu, onse thwelofu, majekete osita, mamendulo akuwala, nsapato zoti ungadziyang'anirepo nkhope. Naini kumanzere, atatu kumanja, pakati pawo kanjira koti mbuzi ziwiri sizingapambane. Ndinagwada pambali pa a Thawani.

"Bambo, bokosi lili panja."

"Sitinalandire oda," anatero akuyang'ana kutsogolo.

Ndinadumpha kanjirako, mapazi awiri okha.

"Bwana, akuti akudikira oda yanu."

"Sanabwere kudzapereka lipoti."

"Si awo ali apowo! Mungotembenuka basi!"

"Achimwene, tsitsani mawu, tili m'nyumba ya Mulungu. Zinthu zili ndi njira yake."

Ndinabwerera kwa a Thawani, ndinapitanso kwa a Maluwa, katatu, ngati mpira, mwana wamasiye ndikupempha madoda amene anadya mbale imodzi ndi bambo anga kuti wina ayambe kutsegula pakamwa. Kachitatuko wina wa kumanzere ananong'ona, koma ndinamva: "Mapanga awiri aja ndi amenewa." Ndipo wina anaseka ndi mphuno.

Zimene ndinalankhula pamenepo sindingazibwereze pamaso pa Tadala. Abusa anatsika paguwa. Bambo anu anandikoka jekete: "Alamu, chonde, alamu, tiyeni panja." Titatuluka tinapeza mzungu uja akuyang'ana wotchi yake, ndipo mwaulemu womwewo anatulutsa katebulo kachitsulo ka matayala, n'kukatambasula pakhomo. Ndinakaponda ndi phazi. Ndinati bambo anga sakwera chimenechi. Anandifunsa kuti nanga onyamula ali kuti, ndipo ine ndinangoima, phazi pa chitsulo, ndikulira ngati mwana pamaso pa anthu odutsa mumsewu.

Amene analankhula anali Mayi Zulu, a ku Lusaka, anzawo a amayi anu, ogwira ntchito kunyumba yosungira okalamba.

"Imwe, manje tizaimilila so mpaka liti? Ise tinyamula bantu tsiku na tsiku, benangu bolema kuchila aba. Esnati, vula nsapato izo."

Amayi anu anazengereza. "Amayi Zulu, kwathu akazi sanyamula bokosi."

"Kwanu kuli bamuna. Kuno baliko? Naonako chabe mamendulo."

Anavula nsapato zawo zazitali n'kuziika pa sitepe. Amayi anu anavulanso. Anabwera a Nabanda ndi a Nachisale n'kuvulanso zawo, onse a ntchito yomweyo, mmodzi atangoweruka shifiti, yunifomu ili m'kati mwa chitenje. Mayi Zulu anatiyika motsatira msinkhu, ine ndi bambo anu kumbuyo kolemera, iwo anayi kutsogolo ndi pakati. "Pindani mawondo, osati musana. Pa fili. Wanu, thuu, fili!" Bokosi linakwera pa mapewa mosagwedezeka ngakhale pang'ono, ndipo mzungu uja anavula chipewa.

Tsono imvani chimene chimandiwotcha mpaka lero. Titangoponda pakhomo, a Thawani anakuwa mawu a perete, amene anagwedeza mawindo, ndipo onse thwelofu, a pansi ndi a ndege, kaputeni yemwe, anadzuka nthawi imodzi n'kupereka sawatcha. Palibe amene anadikira oda ya mnzake, palibe amene anafunsa lipoti. Manja anali nawo, mapewa anali nawo, mawu anali nawo. Tinadutsa pakati pawo, akazi anayi opanda nsapato ndi amuna awiri osadziwa kuguba, ndipo a Thawani misozi inali kutsika mpaka pa mamendulo. Ankalira zenizeni, sindinganame. Koma misozi sinyamula bokosi.

Titachoka kumanda, muholo, anthu akumwa tiyi, a Maluwa anandiitanira pambali, a Thawani ali pafupi nawo, tsopano akugwirizana bwinobwino.

"Achimwene, mwambo unayenda, koma chinthu chimodzi. Akazi kunyamula maliro, kwathu n'zosamveka. Mukanatifunsa ife akuluakulu."

"Eetu," anatero a Thawani. "Mwatichititsa manyazi, mwanawe."

Ndinawayang'ana, kapu ili m'manja, ndipo ndinaika kapuyo pansi bwinobwino chifukwa inali ya tchalitchi. Ndinati, "Bambo anga anapempha asilikali. Ndawasaka sabata yonse, sindinawapeze." Ndinatuluka. Patapita nthawi a Maluwa anabwerera kumudzi. A Thawani alipobe, mumawaona Lamlungu ndi ndodo yawo, amanditambasulira dzanja, ine ndimapisa m'thumba. Amayi anu amati ndikhululuke, abusa amati ndikhululuke, ndipo mwina tsiku lina ndidzatero, koma si chaka chino. Lonjezo linali langa, ndipo silinakwaniritsidwe. Matayala ndinawakana, inde, koma mapewa amene bambo anapempha sanawapeze, ndipo ndikapita kumanda kuja ndimangozula udzu, chowauza ndilibe.

Tsono Madalitso, usaganize kuti ndikukuletsa. Agogo ako sanadandaulepo tsiku limodzi chifukwa chosamuka, ndipo akanakhala pano akanakubwereka cholembera. Ngati mtima wako uli ku ndege, saina, pita, ngakhale akutsitse udindo, udzakweranso. Koma amene ukuwasiyawo usawasiye ngati wotuluka pawindo, ukawatsanzike mmodzimmodzi, uziwaimbira, ukamva kuti kwawo kwagwa zovuta uzipita. Ndipo kumene ukupitako usangodziwana ndi injini. Akuluakulu a mizere ndi nyota uziwalemekeza, ndi ntchito, koma pambali pa iwo udzipezere anthu asanu ndi mmodzi, kaya ndi a pansi, kaya ndi a ndege, kaya ndi otsuka pansi m'kantini, amene ukadzagwa sadzayang'ana uku ndi uku kuti ayambe ndani. Ndipo iwenso, mphwanga, ukadzaona bokosi la mnzako lili panja, usadzafunse kuti ndi la gulu liti. Udzangodzuka.