Malo Otsala Pakhoma la Ulemu

Patatha miyezi isanu chiikireni amuna awo m'manda, Mayi Ozella Pettway anavala chipewa cha kutchalitchi Lachiwiri masana n'kukalowa osagogoda mu ofesi ya Wendell Sistrunk, wosunga mbiri ya masewero pa koleji ya Tallow Creek ku Mississippi. Pakhoma la ulemu la pabwalo la mpira wa ku America, wonyamula m'manja, panatsala malo a dzina limodzi lokha, pepala linkapita kwa wozokota mayina 4 koloko tsiku lomwelo, ndipo dzina la malemu Lemuel Pettway, amene kwa zaka 31 anaphunzitsa anyamata asanu a timu oima kutsogolo kutchinga adani kuti asafike kwa woponya mpira, silinali papepalapo.

"Ndamva kuti mukufuna kulembapo galu," anatero mayiwo.

"Khalani pansi, amayi. Pepani ndi zovuta zija."

"Zovuta zija tinaika, zinatha. Ndikufunsa za galu."

"Si galu wamba, amayi. Ndi Biscuit, galu wa timu." Wendell anakonza magalasi n'kutsegula faelo. "Komiti inandipatsa fomu ya mabokosi atatu: zigoli, mayadi othamanga ndi mpira, ndiponso kuti dzina linatuluka kangati m'nyuzipepala. Amene wadzaza bwino mabokosiwo, malo ndi ake."

"Ndiye galuyo anagoletsa?"

"Kamodzi. Anatola mpira pakati pa bwalo n'kuthamanga nawo mayadi 60 mpaka kumzere wogoletsera. Oimbira anakana chigolicho, koma komiti inati khama linalipo."

Galu, abale. Galu woti ankanyambita mbale za anyamata pakhonde la mayi omwewa. Mayi Pettway anaika chikwama patebulo mwamphamvu, mpaka zolembera zinadumpha.

"Tenga fomu ina. Lemba Lemuel Pettway."

Wendell anatenga, analemba. Kukana ntchito ndiye sankakana ayi.

"A Kochi anagoletsa zigoli zingati?"

"Anali mphunzitsi, iwe!"

"Nanga anyamata awo?"

"Wendell, wagwira ntchito pano zaka zingati?"

"Zaka 18, amayi. Mu Ogasiti zikwana 19."

"Zaka 18 ukuonera mpira, sudziwa kuti otchinga sagoletsa? Ntchito yawo n'kugundana ndi zimphona zinzawo kuti woponya mpira apeze mpata wopumira. Mpirawo saukhudza n'komwe!"

"Mmodzi amaukhudza. Wapakati uja. Amaupereka kudzera pakati pa miyendo."

"Eya, lemba zimenezo!"

"Koma amaupereka cham'mbuyo, amayi. Ndikalemba mayadi ake, ndiye kuti ndichotsera." Anaganiza pang'ono. "Ndiwachitira chifundo. Ndingolemba ziro."

Analembadi ziro, wozungulira bwino, mosamala ngati akujambula dzira. Mayiwo anapumira m'mwamba.

"Tamvera. Lachinayi lililonse anyamata amenewo ankadya kwathu. Milamba yokazinga yodzaza beseni, nyemba, mkate wa chimanga mathireyi anayi. A Lemuel ankati mwana woonda satchinga munthu. Anandithyolera mipando isanu ndi umodzi, anyamata amenewo. Anayi anakasewera m'matimu akuluakulu. Wina ndi woweruza milandu lero, wina ndi m'busa, ndipo ndi amene analalikira pa maliro."

"Mipando isanu ndi umodzi," Wendell anayang'ana fomu kumtunda ndi kumunsi. "Bokosi la mipando palibe."

"Bokosi la amuna anga ananyamula anyamata awo omwewo! Madoda a imvi, olemera mapaundi 300 aliyense, akulira ngati ana a mkaka!"

"Mayadi angati?"

"Ati chani?"

"Kuchokera patchalitchi kukafika kumanda. Mwina tingalembe apa." Anaimika cholembera m'mwamba, nkhope inagwa. "Ayi, pepani. Komiti ifunsa ngati anali ndi mpira."

"Mayi ako ndinkaimba nawo kwaya, Wendell. Anali munthu wanzeru. Sindidziwa chinachitika n'chiyani."

"Zikomo, amayi. Bokosi lachitatu, nyuzipepala. Ndinafufuza kale. A Kochi anatuluka kawiri: tsiku limene analembedwa ntchito, ndi tsiku limene anatisiya."

"Galuyo?"

"Ka 37. Ndi zithunzi zomwe."

Mayi Pettway anapita pawindo. Bwalo linkaoneka lonse, ndi khoma lija, mayina a mkuwa akunyezimira padzuwa. Analoza ndi chala.

"Werenga dzina lapamwambalo."

"Royce Tillery, woponya mpira, 1998."

"Chaka chimenecho Royce wakoyo ankatuluka m'bwalo malaya ali mbee, ngati akupita ku ukwati. Anzake matope mpaka m'makutu, iye mbee! Ukuganiza kuti anali ndani ankachititsa zimenezo?"

"Mayi Dubose, amayi. Ndi amene ankachapa."

"Sindikunena zochapa ine! Ndikuti palibe anamugwetsa pansi! Chaka chathunthu! Anyamata a amuna anga anathyoka zala, ena mawondo anatha, kuti Royce aziima kumbuyoko ngati ali pamzere wa kubanki, n'kumasankha woti amuponyere. Lero Royce ali pakhoma, amagulitsa magalimoto, pa maliro anangotumiza maluwa."

"Maluwa anali abwino."

"Anali a pulasitiki!"

Wotchi ya pakhoma inali itadutsa hafu pasiti 3. Mayiwo anabwerera patebulo, anatsamira ndi manja onse awiri, n'kutsitsa mawu ngati akuphunzitsa mwana wa Sande sukulu.

"Wendell, mwana wanga, ndikuuze pang'onopang'ono. Mnyamata wotchinga amamveka liti pa chimkuzamawu?"

"Akalakwa."

"Eya! Oimbira aponya pansi kansalu kachikasu kosonyeza kulakwa, n'kulengeza bwalo lonse likumva kuti nambala 72 wagwira malaya a mnzake. Timu ibwerera m'mbuyo mayadi khumi, mayi ake a mwanayo abisa nkhope m'chipewa. Akasewera bwino, zii, palibe amutchula. Tsopano tsegula mabuku akowo. Kuyambira 1996 kufika 2002, undipezere kansalu kamodzi kokha kamene kanagwera mnyamata wa a Pettway chifukwa chogwira malaya."

Apa ndiye Wendell anasangalala, poti mabuku ndiye chakudya chake. Anatsitsa asanu ndi awiri, ananyowetsa chala, anayendetsa tsamba ndi tsamba. Kenaka anavula magalasi.

"Palibe, amayi. Zaka zisanu ndi ziwiri, palibe ngakhale kamodzi. Zoterezi sindinazionepo."

"Wamva tsopano?"

"Ndamva. Ndiye kuti pa ntchito ya a Kochi, ulemu ndi kusatchulidwa."

"Ambuye alemekezeke, mutu watseguka!"

"Ndipo kutchulidwa ndi manyazi."

"Kwabasi!"

"Ndiye tikawalemba pakhoma, anthu onse akuona, tiwachititsa manyazi." Wendell anaimirira, maso ali ndi misozi, natenga fomu ya galu. "Zikomo pondiunikira, amayi. Ndikanawanyoza a Kochi osadziwa. Tiwalemekeza monga ankafunira. Sitiwatchula mpaka kalekale."

"Iwe! Ukupita kuti?"

"Kwa wozokota. Kwatsala mphindi 20."

Mayi Pettway anavula nsapato, anaziika bwino pambali. Anakaima pakhomo, anatangadza miyendo, anapinda mawondo, msana chilili, zigongono m'nthiti, manja patsogolo. Zaka 68, chipewa cha maluwa chili pamutu.

"Amayi, ndidutse nawo."

"Dutsa."

Wendell analowera kumanzere, anapeza mayiwo ali pomwepo. Anabwerera kumanja, ali pomwepo. Ananamizira kumanzere n'kuthawira kumanja, anangomva manja awiri pachifuwa, phi! Anabwerera masitepe atatu, magalasi ali pamphuno penipeni.

"Mayo! Munaphunzira kuti zimenezi?"

"Kukhitchini. Chilichonse chimene a Lemuel ankafuna kuphunzitsa anyamata, ankayamba ayesera pa ine, pakati pa firiji ndi chitofu. Zaka 31. Bwera kachiwiri, koma utsitse matako, ukuima ngati mtengo wa magetsi."

"Amayi, nthawi ikutha!"

"Ya galu ndi imene ikutha. Ine ndilibe kopita. Kunyumba kulibe wondidikira."

Wendell anayesanso, ulendo uno mowerama. Anakathera pachifuwa pa mayiwo, ndipo sanathenso kupita kutsogolo kapena kubwerera m'mbuyo. Mlembi wa mu ofesi yoyandikana anadutsa m'khonde atanyamula khofi, anasuzumira, anati, "Mwaswera bwanji, Mayi Pettway? Chipewa chokongola," n'kupitirira.

"Pepalali likapanda kufika," anatero Wendell akupuma wefuwefu, "malowo akhala opanda dzina. A Kochi sapindula kanthu. Pokhapokha titalemba kuseri."

"Kuseri kwa chiyani?"

"Kwa fomu. Kuli mzere wa munthu amene anachita chinthu chimene wina aliyense sanachitepo. Ukadzaza umenewo, mabokosi atatu aja sawerengedwa."

"Wendell Sistrunk! Ola lathunthu ndikulankhula pano, bwanji sunanene?"

"Simunafunse za kuseri, amayi."

"Lemba!"

"Nanga manyazi aja?"

"Manyazi ndisenza ndine. Iwo ankakonda kukhala chete, ine ayi. Lemba!"

Wendell anatambasula mkono, anakoka fomu ya a Pettway patebulo, anaitembenuza, anaitsamiritsa pachitseko n'kulemba akuwerenga mokweza.

"Lemuel Pettway, mphunzitsi wa otchinga, zaka 31. Kwa zaka zisanu ndi ziwiri zotsatizana, anyamata ake sanagwire malaya a munthu." Anasaina. "Basi. Biscuit adikira khoma lina. Tsopano ndithamange, kwatsala mphindi zisanu ndi zitatu."

Anati asunthe, osasuntha. Anayang'ana pansi. Zala za mayiwo zinali zitapota malaya ake pachifuwa, mkatikati, pansi pa tayi, moti mabatani awiri anali atalowa m'nkhonya.

"Amayi! Mwandigwira malaya!"

"Wangozindikira pano?"

"Chiyambire liti?"

"Chiyambire pamene unawerama paja."

"Koma kumeneku n'kulakwa! Mayadi khumi!"

"Mlembi uja wadutsa apa. Waona kanthu?"

"Ayi, anangoona chipewa."

Mayi Pettway anamasula zala, anamuwongolera tayi, anamupukuta paphewa, n'kuyamba kuvala nsapato.

"Ndiye fufuta mzere womalizawo msanga, usawanamizire amuna anga ali m'manda. Wakuuza ndani kuti anyamata awo sankagwira malaya? Ankagwira Loweruka lililonse. Lemba kuti zaka zisanu ndi ziwiri palibe anawaona."